Humber ya agogo: mmene ndinadziwira zaka zake ndi kuyibwezera pamsewu

Kwathu ku Ntcheu aliyense ankadziwa kuti njinga yakuda imene inkalendewera kudenga la khitchini inali ya agogo aamuna, omwe anagwira ntchito zaka zambiri ku Bulawayo. Chimene abale sankagwirizana chinali zaka zake. Amalume ankalimbikira kuti inabwera nkhondo ya Hitler itangotha. Amayi ankati ayi, tsiku limene inafika iwo anali atayamba kale kuzindikira zinthu, ndipo ankakumbukira ana a m'mudzi akuyithamangira. Agogo atatisiya, panali maganizo oti iperekedwe kwa mnyamata wina kuti azichitira kabaza. Ndinapempha kuti ndiyitenge ine, ndipo anandilola.

Njinga ngati imeneyi zidakalipo m'midzi mwathu, m'nkhokwe zakale ndi kuseri kwa nyumba. Zina zikupita kwa ogula zitsulo zakutha pa mtengo wa kilo. Zina zimapeza munthu wozikonda, koma munthuyo amayambira sendipepa ndi chitini cha penti, n'kufufuta tsiku limodzi zonse zimene zikanamuuza kuti njingayo ndi yanji ndiponso ndi ya liti. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, n'chifukwa chake ndikufotokoza mmene ine ndinayendera nayo yanga.

Ndisanamasule nati iliyonse ndinayijambula pa foni mbali zonse, makamaka mmene timitengo ta mabuleki tinalumikizirana, chifukwa ukamasula umaiwala. Kenako ndinatenga madzi a sopo, palafini ndi nsanza zofewa. Mwaye wa m'khitchini unali utamatirira ngati phula, koma unali utatetezanso chitsulo ku chinyezi. Pansi pa mwayewo penti yakuda inali idakalipo, ndipo pa felemu ndi pa madigadi panayamba kuoneka timizere tagolide. Pamenepa pamafunika dzanja lopepuka, chifukwa timizereti ndi zilembo za pa felemu zimachoka ukangokhula mwamphamvu.

Kutsogolo kwa felemu kunali kachitsulo kolembedwa dzina la Humber. Kachitsulo kameneka pakokha sikokwanira, popeza munthu akhoza kukachotsa pa njinga ina n'kukakhomera pa ina. Komanso njinga za ku India monga Hero, Avon ndi Atlas, ngakhalenso Phoenix ya ku China, zinatengera maonekedwe a njinga zakuda za ku England, moti ukaziona patali sungazisiyanitse. Chimene chinanditsimikizira ndi foloko. Humber ya nthawi imeneyo inali ndi foloko ya timapaipi tiwiri towonda mbali iliyonse, m'malo mwa mwendo umodzi wonenepa umene tinazolowera. Chachiwiri chinali giya yaikulu ya kumapedulo, imene m'kati mwake anadulamo tianthu togwirana manja mozungulira. Raleigh imakhala ndi mutu wa mbalame yonga kakowa pa giya yomweyo ndi pa chizindikiro chakutsogolo, ndipo pamwamba pa foloko yake pamakhala paipi yopingasa yotsekedwa ndi timabatani tonyezimira mbali zonse ziwiri. Rudge imakhala ndi chikhatho cha dzanja. Giya yanga inali itabisika ndi matope osakanikirana ndi girisi wouma, ndipo tianthuto titayamba kuonekera ndinakhala pansi kanthawi ndikungotiyang'ana.

Apa mbiri ya makampani imathandiza pa ntchito yeniyeni. Kampani ya Raleigh ya ku Nottingham inagula gawo lopanga njinga la Humber mu 1932, inagula Rudge-Whitworth mu 1943, Triumph mu 1954, ndi BSA mu 1957. Mu 1960 Raleigh yomweyo inagulidwa ndi Tube Investments, omwe anali kale eni ake a Phillips ndi Hercules. Choncho Humber yopangidwa chaka cha 1932 chitadutsa ndi Raleigh m'kati mwake, ngakhale ili ndi foloko ndi dzina lake. Zimenezi zinadzandithandiza kwambiri nditafika pa nkhani ya mazinga, timizere tozungulira ta m'manati ndi mabawuti.

Za zaka zake ndinaziphunzira kwa mkulu wina wokonza njinga ku Limbe, amene anayamba ntchitoyi ndisanabadwe. Nditamuwerengera nambala ya felemu, imene inadindidwa pamwamba pomwe pamalowa chitsulo cha chishalo, anapukusa mutu.

"Mwanawe, nambala imeneyo ikusocheretsa. Tatembenuza wilo lakumbuyolo, upukute habu."

Ndinapukuta ndi palafini. Pa habu, chitsulo chapakati pa wilo, panali dzina la Sturmey-Archer, zilembo AW, ndi manambala awiri otalikirana pang'ono: 54 ndi 10. Kampani imeneyi inkadinda chaka ndi mwezi pa mahabu ake a nthawi imeneyo, ndiye kuti yangayi inapangidwa mu Okutobala 1954. Habu ya AW ya magiya atatu inayamba kupangidwa mu 1936, ndipo inapitirira zaka makumi ambiri osasintha kwenikweni, moti popanda manambalawa zingavute kusiyanitsa ya m'ma 1950 ndi ya m'ma 1970.

Ndinafuna kuimbira amalume nthawi yomweyo, koma mkuluyo anandiletsa.

"Dikira kaye. Wilo limasinthidwa. Wadziwa bwanji kuti limeneli ndi limene inabwera nalo?"

"Nanga tidziwa bwanji, bambo?"

"Kwa amfumu mlandu sautha ndi mboni imodzi. Funa ina."

Mboni yachiwiri inali kutsogolo. Habu yakutsogolo inali yonenepa mbali imodzi chifukwa inali Dynohub, dayinamo imene Sturmey-Archer inkaika m'kati mwa habu momwemo kuti iziyatsa nyali popanda kukhudza tayala. Nayonso imadindidwa chaka ndi mwezi, ndipo yanga inali ndi 54 ndi 11. Mahabu awiri otsatizana miyezi pa njinga imodzi sangakhale mwangozi. Tinawerenganso masipoko: kutsogolo 32, kumbuyo 40. Umu ndi mmene njinga zakale za ku England zinkalukidwira, pamene zam'mbuyo muno kawirikawiri zimakhala ndi 36 kutsogolo. Malimu onse awiri anali amtundu umodzi ndipo anali atadyeka mofanana. Pa bawuti ya chishalo panalinso kachitsulo ka laisensi ya njinga kokhala ndi chaka cha 1956, koma kameneka kamangonena kuti chaka chimenecho njingayo inali ili kale pamsewu, sikanena tsiku limene inapangidwa. Zonsezi zitaphatikizana zinaonetsa kuti njingayi inamangidwa kumapeto kwa 1954 kapena kumayambiriro kwa 1955. Amayi ndiwo ankanena zoona. Amalume atamva anangoti mwina agogo anali ndi njinga ina m'mbuyomo, ndipo zimenezo n'zotheka ndithu.

Nambala ya felemu ija sikuti ilibe ntchito. Kuyambira cha m'ma 1974 Raleigh inayamba kulemba manambala m'njira yomveka: chilembo choyamba chimatchula fakitale, N kuimira Nottingham ndi W kuimira Worksop, ndipo nambala yoyamba pambuyo pa zilembo ndiyo nambala yomaliza ya chaka. Zaka za m'mbuyo mwake kalembedwe kankasinthasintha ndipo manambala ena ankabwerezedwa. Kumbukiraninso kuti njinga za dzina la Raleigh zinkapangidwanso ku South Africa, ku India ndi ku Nigeria, choncho amene anabwera nayo kuchokera ku Joni asafulumire kunena kuti ndi ya ku Nottingham. Njinga ya giya imodzi yopanda habu ya Sturmey-Archer imavutirapo. Pamenepo umadalira foloko, kalembedwe ka zilembo, chiwerengero cha masipoko ndi zimene achikulire akukumbukira, ndipo umakhutira ndi kunena kuti ndi ya m'zaka zakutizakuti.

Nditadziwa chimene ndili nacho, ndinayang'ana ngati felemu ili bwino, chifukwa palibe phindu kuwononga ndalama pa felemu yopindika. Ndinapapasa pansi pa mapaipi awiri amene amakumana kutsogolo. Njinga ikawomba chinthu mwamphamvu pamenepo pamatupa kapena penti imasweka mozungulira. Ndinamanga ulusi kuchokera kumbuyo, kuzungulira kutsogolo, n'kubwerera mbali inayo, ndipo mpata wa ulusi ndi paipi ya chishalo unali wofanana uku ndi uku. Mafelemu amenewa sanawotchereredwe ndi magetsi. Mapaipi ake analowetsedwa m'zolumikizira n'kumatidwa ndi mkuwa wosungunula. Mukapeza mng'alu, pitani kwa wowotcherera ndi gasi, chifukwa makina a magetsi amene amawotcherera mageti amaboola paipi yopyapyala n'kuyifooketsa.

Ntchito imene inandidyera mtima inali pakati, pomwe pamazungulira ekiselo ya mapedulo. Raleigh inkagwiritsa ntchito mazinga akeake: mizere 26 pa inchi imodzi, pamene njinga zina za ku England ndi zambiri za masiku ano zili ndi 24. Ukayang'ana ndi maso makapu, zitsulo zamazinga zimene zimagwira ekiseloyo mu felemu, a mitundu iwiriyi amafanana. Ukalowetsa ya 24 mu felemu ya 26 imayamba bwinobwino, kenako imalimba, ndipo munthu wosadziwa amaganiza kuti ndi dzimbiri n'kuwonjeza mphamvu. Pa njinga yangayi wina zaka zapitazo anachita zimenezo mbali yakumanzere, ndipo mizere yoyambirira inali itadyeka. Mwayi wake kapuyo sinalowe patali. Mkulu wa ku Limbe uja anafufuza m'chitini chake cha zitsulo zakale n'kupeza kapu ya Raleigh, tinayilowetsa pang'onopang'ono ndi mafuta, kupita ndi kubwerera, mpaka inatsata mizere yakale. Mazinga a kukhosi kwa foloko nawonso ndi 26. Pachifukwa chimenechi musataye kapu kapena nati iliyonse ya njinga yotere, ngakhale ikuoneka yakuda bwanji. Zitsulo zake n'zolimba, ndipo zambiri zikatsukidwa zimapezeka kuti zilibe vuto.

Kapu yakumanja sindinayichotse. Ili ndi mazinga obwerera, ndiye kuti imamasuka potembenuzira kumanja, ndipo imakhala itamangidwa mwamphamvu kwambiri. Ndinangoyitsukira momwemo ndi nsanza yokulunga pa kamtengo. Pedulo yakumanzere nayo ndi ya mazinga obwerera. Manati ambiri a njinga zimenezi ndi a muyeso wakale wa Whitworth, choncho masipanala a mamilimita sagwira bwino ndipo amadya makona. Sipanala yosintha kukula yabwino, yomangidwa ndithu pa nati, inandithandiza kuposa bokosi lonse la masipanala atsopano.

Makotapini, timisomali tomangirira mikono ya mapedulo (makilanki) ku ekiselo, amafuna nkhani yawoyawo. Ambiri amawamenya ndi hamala njinga itaima pa matayala, ndipo mphamvu yonse ya hamalayo imakathera pa timipira ta mabelingi ta m'kati n'kuboola makapu. Ife tinaika paipi yachitsulo pansi pa kilanki, kuchokera pa simenti, kuti kotapini igwere m'kati mwa paipiyo. Tinamasula nati mpaka kulingana ndi nsonga ya mazinga, kenako kumenya kamodzi mwamphamvu. Kugogoda pang'onopang'ono kumangopinda nsongayo. Makotapini atsopano ndi a mamilimita 9.5, ndipo ogula pamsika kawirikawiri amafuna kupalidwa ndi fayilo mbali yophwatalalayo kuti akhale bwino. Awiriwo apalidwe mofanana ndipo alowe moyang'ana kosiyana, apo ayi mapedulo sakhala pa mzere umodzi. Kotapini imakhomedwa kaye mpaka kukhazikika, nati n'kubwera pambuyo kudzangoyigwira; ukaikoka ndi nati, mazinga amaduka.

Timipira ta mabelingi tonse ndinasintha, chifukwa n'totsika mtengo ndipo takale timakhala titadyeka mosaoneka. Pakati pamalowa timipira 11 mbali iliyonse ta kota ya inchi. Kukhosi kwa foloko kumalowa ting'onoting'ono ta 5/32, ndipo timakhala tosamangika, choncho yalani nsalu pansi musanakweze foloko.

Habu ya magiya atatu ndinkayiopa, koma ndi imene inavuta pang'ono pa zonse. Inkazungulira mwakachetechete ndipo giya imodzi yokha ndi imene inkagwira. Pa habu pali kabowo kothirira mafuta kokhala ndi kachivundikiro. Tinathiramo palafini pang'ono, kuzunguza wilo, kulitsamiritsa kuti zakuda zituluke, kenako kuthira mafuta opepuka a injini. Posakhalitsa inayamba kulira kuti tiki-tiki, kusonyeza kuti tizitsulo togwira m'kati tamasuka. Habu imeneyi imafuna mafuta, madontho ochepa nthawi ndi nthawi. Girisi wolimba amamata tizitsulo timeneti, ndipo mafuta ophikira amauma n'kusanduka ulimbo. Giya yachiwiri ndi yachindunji, yoyamba imapepuza ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo yachitatu imawonjeza liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kuyichuna kwake n'kosavuta: ikani pa giya yachiwiri, suzumirani pa kawindo ka nati yakumanja, ndipo phewa la kamtengo komwe kamakokedwa ndi katcheni kakang'ono lilingane ndi mapeto a ekiselo. Izi musazitenge mopepuka. Pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu pali malo pamene habu ya AW sigwira kalikonse, ndipo ngati waya sanachunidwe bwino mapedulo amatha kupita mwaulere munthu ataimirira pokwera chitunda. Ine mpaka pano sindiimirira pa mapedulo ndikakhala pa giya yachitatu.

Dynohub ili ndi lamulo limodzi limene mkulu uja anandibwerezera kangapo: maginito asalekanitsidwe ndi chitsulo cha mawaya chimene chili m'kati mwake. Ziwirizi zimatuluka pamodzi ndipo zizikhala pamodzi. Ukazilekanitsa ngakhale kamphindi, maginito amafooka ndipo nyali siwalanso ngati kale. Tinangotsuka mabelingi n'kubwezeretsa. Imatulutsa mavolti 6 ndi mphamvu yochepa, pafupifupi mawati 2, choncho babu yaikulu imangofiira. Ndinaika kababu ka LED m'kati mwa nyali yakaleyo ndipo kakuwala mokwanira.

Matayala ndi a 28 x 1½, ndipo apa ife tili ndi mwayi kuposa anzathu a ku Ulaya, chifukwa saizi imeneyi ndi yomwe njinga za kabaza zimagwiritsa ntchito ndipo imapezeka pa msika uliwonse. Chenjerani ndi matayala ena olembedwanso 28 omwe amabwera ndi njinga za kaunjika. Yang'anani nambala ina pambali pa tayala: yoyenera ndi 635, pamene enawo ndi 622 ndipo salowa. Njinga zocheperapo za 26 x 1⅜ zimafuna 590, osati matayala a njinga za m'mapiri. Malimu anga anali ndi dzimbiri m'kati, pansi pa chubu. Ndinapala ndi bulashi ya waya, ndinaona kuti chitsulo chikadali chochindikala, ndinapaka penti yoletsa dzimbiri m'katimo mokha n'kuika lamba watsopano wophimba mitu ya masipoko. Kunja konyezimira ndinakhula ndi pepala la aluminiyamu lonyowetsa, limene limachotsa dzimbiri osakanda. Pamene kunyezimira kunatheratu ndinangopaka mafuta n'kusiya.

Mabuleki a timitengo amakoka mphira kuti igunde limu cham'kati, osati m'mbali. Choncho wilo liyenera kukhala lozungulira ndendende. Likakhala ndi kabampu, buleki imagwira n'kusiya, kugwira n'kusiya, njinga yonse n'kumanjenjemera. Ntchito yowongola ndinasiyira mkulu uja, ndipo anasintha masipoko okhawo amene anali atadyeka. Tizitsulo togwira mphira timakhala totseka mbali imodzi, ndipo mbali yotsekayo iyang'ane kumene limu likupita pozungulira kuti mphira isasololoke pomanga buleki.

Chishalo chinali cha Brooks, chachikopa, cha masipuling'i. Chikopa chinali chouma gwa koma chosang'ambika pa misomali yake. Anthu anandilangiza zambiri, ena oilo wakuda wa galimoto, ena mafuta a nkhumba. Ndinakana zonsezo, chifukwa chikopa chikamwa mafuta ambiri chimafewa n'kutambasuka, ndipo sichibwereranso. Ndinapaka dabini, mafuta osamalira chikopa, pang'ono kwambiri pansi ndi pamwamba, kusiya kuti alowe, n'kupukuta. Nati ya kumphuno imene imakoka chikopa sindinayikhudze kufikira chikopacho chitayamba kufewa, ndipo ngakhale pamenepo ndinangoyitembenuza pang'ono. Kukoka chikopa chouma ndi kumene kumang'amba zishalo zambiri zakale. Brooks idakapangabe zishalo zamtunduwu ku Smethwick pafupi ndi Birmingham, koma mtengo wake ukafika kuno umaposa wa njinga yatsopano ya pamsika.

Pa nkhani ya penti ndinatsutsana ndi anthu ambiri. Mnzanga wina wopopera magalimoto anadzipereka kuti ayipope ulere kuti ioneke ngati yangotuluka m'sitolo. Ndinamuthokoza koma ndinakana. Penti yakuda ya ku fakitale inkawotchedwa mu uvuni ndipo ndi yolimba kuposa imene tingapake ife, komanso timizere tagolide tija tikapita tapita. Pa paipi yapamwamba pali malo amene penti inaperepeseka chifukwa cha thumba limene agogo ankapachikapo, ndipo amayi atawaona anawazindikira nthawi yomweyo. Ndinangodontheza penti yakuda ndi kabulashi kakang'ono pomwe chitsulo chinali pamtunda, n'kupaka polishi wa galimoto thupi lonse. Ndikuvomereza kuti pali njinga zina zimene dzimbiri linadya kwambiri moti kupenta ndiyo njira yokhayo yozipulumutsira. Zikatero jambulani kaye zilembo ndi mizere yonse, ndipo uzani wopentayo asakwirire nambala ya felemu.

Zatsopano zimene zili pa njingayi ndi matayala, machubu, mphira za mabuleki, tcheni cha 1/2 x 1/8, timipira, makotapini, masipoko ochepa, lamba wa m'malimu, kababu ka LED, waya wa magiya ndi zogwirira za mahandulo. Zakale zonse zimene ndinachotsa ndinaziika m'chitini pamodzi ndi pepala lofotokoza chimene chinachoka pati, kuti amene adzayitenge pambuyo panga asadzasokonezeke poona zitsulo za zaka zosiyana. Chimene chikusowabe ndi chophimba tcheni chonse, chimene malo ake omangirira akuonekera pa felemu. Ndinayesa cha njinga ya ku India koma mabowo sanagwirizane, ndipo sindikufuna kuboola felemu, choncho ndikufunsabe kwa okonza njinga achikulire ku Ndirande ndi kulikonse kumene ndapita.

Ndimayikwera popita kutchalitchi ndi kukaona abale apafupi, koma sindiyisenzetsa matumba a chimanga. Kaliyala wake ndi wopepuka poyerekeza ndi owotcherera a kabaza, ndipo ekiselo ya habu ya magiya atatu ili ndi mphako m'kati, moti ikathyoka kupeza ina kuno n'kovuta. Mvula ikagwa ndimayamba kumanga buleki patali, chifukwa mphira pa limu lachitsulo lonyowa imatenga nthawi isanagwire, ndipo ndikafika kunyumba ndimapukuta malimu ndi chishalo ndisanayilowetse.